Tinali Awiri M'bulangete

Lachiwiri, 15 Julayi

Kope ili andibweretsera ndi apongozi anga, amake Caroline, dzina lawo Ruth, mkazi wa mwana wanga Vitus. Ati ndizilembamo zonse zimene adokotala akunena, poti ine ndimangovomera kuti "eya, eya" kenako n'kuiwala. Aphunzitsi ndi choncho, ngakhale wodwala amamupatsa ntchito yolemba.

Ndinalowa dzulo masana. Wodi ya amayi, bedi lachinayi kuchokera kukhomo. Ndapsa mwendo wamanzere, kuyambira pabondo mpaka kutsika kuphazi. Wandiwotcha ndi poto wanga yemwe. Lamulungu madzulo ndinali m'bulangete, ndikudzifukiza chimfine monga ndimachitira nthawi zonse, chizungulire n'kundigwira. Ndinatsitsimuka ndili pansi, madzi atandikhuthukira, masamba a bulugamu atamatirira pakhungu. A Lameki, amuna anga, akuti anangomva poto akugubuduka. Galimoto yochokera kwathu ku Guilleme inapezeka m'mawa mwake.

Mankhwala: panado awiri katatu pa tsiku, jakisoni m'mawa ndi madzulo, dilipi imodzi. Bala alitsuka, apakapo mafuta oyera ngati laimu, amanga bandeji. Potsukapo ndinaitana mayi anga amene anamwalira kalekale.

Ndatopa.

Lachitatu, 16 Julayi

Kuno tsiku limayamba ndi chidebe cha wokolopa. Kenako anesi ndi choyezera kutentha kwa thupi, kenako phala, kenako kudikira. Akundidikirira ndi Luwiza, mng'ono wanga wa ku Ludzi. Amaphikira kukhitchini ya magadiyani kuseri uko, ndipo amabwerako maso ali psuu ndi utsi.

Pabedi loyandikana nane pali a Agatha a ku Mavwere, a matenda a shuga, chala cha kuphazi anawadula sabata yatha. Anandiyang'anitsitsa m'mawa wonse, kenako anati, "Pepani, si inu a Tabeth a bulugamu? Chaka cha Kovidi munafukiza achimwene anga." Ndinavomera. Anaseka mpaka bedi kugwedera. "Ndiye poto watembenukira mwini wake!"

Aseke. Koma chaka chimenecho pakhomo panga panali ngati pachigayo. Anthu ankabwera atasenza mabulangete awo, aphunzitsi, akatekisiti, mpaka amayi a geni ochokera ku boda. Ndilembe pano kuti zisatayike: masamba anthete a bulugamu manja awiri, a gwafa dzanja limodzi, mpungabwi pang'ono, makoko a mandimu. Zikawira, poto pansi, munthu pa kampando, bulangete pamwamba, ndiye n'kuponyamo mwala umene wakhala pamoto kuti nthunzi ikwere ndi mphamvu. Mwalawo ndi umene ambiri saudziwa. Akatuluka, kapu ya madzi otentha a jinja, adyo, ndimu ndi uchi, n'kukagona. Sindinaphepo munthu.

Adokotala anabwera cha m'ma 10, a msinkhu wa Vitus. Anaona mwendo, ati sunapse mozama, upola. Ali pafupi kuchoka, chifuwa chinandipereka. Ndinatsokomola mpaka misozi.

"Amayi, chifuwachi chayamba liti?"

"Ndi chimfine chabe ichi, adokotala. Kuzizira kwa Julayi."

"Ndafunsa kuti liti."

"Masabata awiri."

Luwiza, amene anali akupinda chitenje, anati osandiyang'ana, "Achemwali, kodi pa Pasaka munaimba nawo kwaya?" Sindinaimbe. Mawu anali atasasa kale. Pasaka inali mu Epulo, ndipo adokotala amadziwa kuwerenga miyezi.

Andikweza pa sikelo: 46. Chaka chatha ndinali 55. Ine ndimati ndi ntchito ya mtedza.

Lachinayi, 17 Julayi

Kabotolo ka makhololo m'mawa ndisanadye. Kenako pa njinga ya odwala kukajambulidwa pachifuwa, chitsulo chake chozizira koopsa. Andibayanso pachala kuyeza magazi, ati kachilombo mulibe. Bala alitsukanso. Lero sindinaitane mayi anga, ndinangoluma chitenje.

Amake Caroline anabwera ataweruka kusukulu, ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Amakhala pano pa boma, ndiye akuvutika nafe ndi iwo, poti Vitus ali ku Lilongwe ku ntchito yake yoyendetsa galimoto. Anatenga kope n'kuyamba kuwerenga, chala chili pansi pa mawu ngati akuchonga za ana. Atafika pa masamba aja anangotseka, osapitiriza.

Iwo ndi ine pa nkhani ya masamba sitimvana. Kwawo ku Thyolo bambo awo anali a zaumoyo. Chimfine iwo amati chimatha chokha, ungomwa madzi ambiri n'kupuma. Zaka zitatu ali pabanja pathu, sanalawepo ngakhale kapu imodzi ya jinja wanga. Amakana mwaulemu, atagwada, koma amakana ndithu. Zimandipweteka, sindibisa.

Lachisanu, 18 Julayi

Ndi chifuwa chachikulu. TB.

Anabwera kudzandiuza ndi a Goliati a ku ofesi ya TB. Dzina lalikulu, eni ake aafupi, owonda, jekete yochita kuwameza. Andisamutsira m'kachipinda ka kumapeto kwa wodi, ka mawindo osatseka, andipatsa ndi masiki. Mphepo ikungolowa ngati kwawo.

Zimene anena: mapiritsi atatu m'mawa uliwonse ndisanadye, ndi kena kakang'ono koteteza kuti miyendo isachite dzanzi. Miyezi iwiri amenewa, miyezi inayi ena. Osadumphitsa tsiku. Mkodzo ufiira, ndisaope. Pakatha masabata awiri ndikumwa, zopatsira ena zimachepa.

Ndinafunsa ngati mankhwala anga analakwa. Anati chimfine chenicheni chimatha chokha pa sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo madzi otentha a ndimu amafewetsadi pakhosi, palibe choipa. "Koma chanuchi sichinali chimfine, amayi. Miyezi itatu mwakhala mukuchiphikira masamba, icho chikukudyani."

Kenako anatulutsa pepala. Akufuna maina a onse amene ndagona nawo nyumba imodzi chiyambireni kutsokomola. Ndinati a Lameki basi.

"Ana ang'onoang'ono? Zidzukulu? Osakwana zaka zisanu ndi amene timawaopera kwambiri, kwa iwo imathamanga."

Ndinati palibe. Analemba dzina limodzi n'kumapita.

Ndanama. Ndilembe pano, popeza pakamwa pakukana.

Mu Meyi amake Caroline anawatumiza kukayang'anira mayeso a Sitandade 8 kutali, ku Mkanda uko. Anandisiyira Caroline masiku anayi, ali ndi chaka ndi miyezi iwiri. Anali ndi timamina. Ine chifuwa changa ndinachimeza ndi jinja mpaka atachoka. Potsazika anagwada n'kunena kuti, "Amayi, chonde musamufukize. Ndakupemphani. Muzingomupukuta, chitha chokha." Ndinati ndamva. Njinga yamoto imene inawatenga isanafike n'kumsewu waukulu komwe, poto anali pamoto. Madzulo atatu ndinamuika pamiyendo panga, bulangete n'kutifunda tonse awiri, a Lameki atagwira m'mphepete kuti nthunzi isathawe. Iye akulira, ine ndikumuimbira, ndikutsokomolera pamutu pake. Timamina tinaumadi. Ndinamubweza kwa amake ndikunyada mumtima, osawauza kuti ndamufukiza.

Kope ili kuyambira lero lizigona pansi pa pilo.

Loweruka, 19 Julayi

Mapiritsi atatu, 6 koloko. Akuluakulu, amaima pakhosi. Mkodzo wafiiradi ngati madzi a m'ngalande nthawi ya dzinja. Mseru tsiku lonse.

A Lameki abwera ndi mbatata yootcha yokulunga m'nyuzi. Nawonso awapatsa kabotolo. Anakhala pakhomo pa kachipinda, chipewa pabondo, masiki ali pachibwano. Ndinawauza za pepala lija ndi dzina limene ndasiya.

"Mwachita bwino, amake Vitus. Ndadzera komweko, mwana ali bwinobwino, timamina chabe. Masiku anayi ndi chiyani? Mukanena, mayi aja sadzatilolanso ngakhale kumugwira chala. Mukuwadziwa."

Ndikuwadziwa. Sakalipa, satukwana. Akakhumudwa amangosiya kubwera, ndipo ukawafunsa amati ntchito yachuluka. Caroline ndi mdzukulu wanga yekhayo. Vitus anakwatira mochedwa, anzanga onse a kukwaya atabereka kale zidzukulu kumbuyo, ine ndikungonyamula za eni ake.

Mbatata wadya ndi Luwiza.

Lamulungu, 20 Julayi

A mphakati wathu abwera asanu atatuluka ku Misa. Sanawalole kulowa, ndiye anaima pawindo. Anapemphera, anaimba nyimbo imodzi motsitsa mawu. Abweretsa thobwa, nthochi, ndi jumbo yodzaza masamba a bulugamu.

"Tathyola pamtengo wanu womwe," anatero mmodzi akunong'ona. "Mukapeza mpata mudzifukize. Achipatalawa angokuchedwetsani."

Mawu anga enieni. Ndi ine ndinawaphunzitsa kuyankhula choncho, ndipo anagwira bwino phunziro. Anesi a Esther ataona jumboyo anati, "Agogo, mukufuna tikumangeni ndi mwendo winawo?" Luwiza wakataya kudzala. Fungo lake latsala m'chipinda, ndipo mphuno zanga, zopanda manyazi, zikulikondabe.

Lolemba, 21 Julayi

Atatu. Ndasanza phala. Bala likuyabwa, ati ndiko kupola kwake. Mphamvu zolembera palibe.

Lachiwiri, 22 Julayi

Atatu. Lero akhala m'mimba.

Amake Caroline abwera ndi futali. Anaima pakhomo, masiki atavala bwinobwino mpaka pamphuno, osati ngati a Lameki. Anafunsa kope. Ndinati sindikulembanso, cholembera chatha. Anapisa m'chikwama n'kundipatsa china, chofiira, chochongera mayeso. Ndi chimene ndikulembera pano.

Ndinafunsa za Caroline. Anati ali ndi kachimfine, sabata yachiwiri tsopano, ana onse a pamalayini pawo ali nacho, ndi nyengo yake. Koma kudya akukana, ngakhale nthochi imene amalimbirana ndi bambo ake. Kenako anayamba kupotokola chogwirira cha chikwama.

"Amayi, mundikhululukire kufunsa. Mu Meyi muja, ndikukusiyirani mwana, chifuwachi munali nacho kale?"

Ndinati ayi. Ndinati chayamba ndi kuzizira kwa Juni.

Anapuma mpweya wautali mpaka masiki anatupa. "Zikomo. Ndiye ndinali ndi nkhawa, osagona." Anandikonzera pilo, dzanja lawo linapita pamwamba penipeni pa kope, n'kutsazika.

Kunamiza a Goliati kunali kosavuta, ndi munthu wa pepala. Uku ndanamiza mayi wa mwana, akundiyang'ana m'maso. Futali ndatumiza kwa a Agatha, shuga wawo aona okha.

Lachitatu, 23 Julayi

Atatu. Bala alitsuka, m'mphepete mwayamba khungu latsopano.

Zotsatira za a Lameki zatuluka, alibe. Anabwera akuyenda ngati apambana mpira. "Mwaona? Ine amene ndimagona nanu mphasa imodzi ndilibe. Nanji mwana amene anangokhala nafe masiku anayi?" Mtima unakhala pansi mpaka nthawi ya nkhomaliro.

Masana a Goliati anadutsa kudzachonga khadi langa. Ndinawafunsa mozungulira. Ndinati pali mnzanga wina kumudzi, nayenso amatsokomola, anakhalapo ndi kamwana masiku ochepa chabe, koma amuna ake ali bwinobwino.

Anavula magalasi. Anati wamkulu thupi lake limatha kulimbana nayo, mwana ayi. Anati kwa mwana siibwera ndi chifuwa chaphokoso ngati changa. Amangokana kudya, kuwonda, kutentha thupi madzulo, kusiya kusewera, anthu n'kumati ndi chimfine kapena mano. Ikachedwa imakwera kumutu, ndipo ikafika kumeneko ena sabwerera, ena amabwerera osayenda, osamva.

"Mnzanuyo ali ndi dzina, amayi?"

Ndinayang'ana bandeji.

"Pepala lija ndimayenda nalo m'thumba," anatero akuvala magalasi. "Malo olemba alipo."

Ndatopa ndi mapiritsi, ndatopa ndi mphepo ya pawindo, koma kutopa kwenikweni ndi kumeneku. Ndikuopa.

Lachinayi, 24 Julayi

Atatu. Anatitulutsa kukaothera dzuwa kukhonde, ine kumapeto ndekha ndi masiki anga. A Agatha anakoka mpando wawo mpaka pamene anesi anawaletsera. Atuluka mawa. Ati chala chija anachibisa m'sokosi miyezi iwiri, akuthira mchere ndi phulusa, kuopa kuti ana awo awakalipira chifukwa chomwa tiyi wa shuga mobisa.

"Ndiye anakukalipirani?"

"Anakalipa tsiku limodzi. Chala ndiye chapita mpaka kale." Anaseka okha, kenako anandipempha kuti ndiwalembere masamba aja papepala, ati mdzukulu wawo sachedwa kugwidwa chimfine. Ndinazemba, sindinawalembere.

Ndati mawa ndinena. Dzulonso ndinatero.

Lachisanu, 25 Julayi

Amake Caroline anabwera cha m'ma 11, nthawi ya sukulu. Opanda chakudya, duku lili pambali, maso otupa. Sanaime pakhomo monga amachitira. Anakhala pansi pasimenti, mphunzitsi wathunthu, miyendo atatambasula.

"Amayi, ndatopa. Thupi likumutentha madzulo alionse. Panado wa ana ndamupatsa, mankhwala a chifuwa a m'botolo ndamupatsa, palibe chikusintha. Dzulo ndamuveka diresi la pa Khirisimasi, likumukwana ngati kale." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku. "Mu Meyi muja anabwera kwanu ndi mamina, anabwerako atauma. Sindinafunse, ndipo lero sindikufunsa. Mungondiuza masamba ake. Ndikathyola ndekha."

Zaka zitatu ndadikira mawu amenewo. Ndinkawalota ndikupalira mtedza, kuti tsiku lina mayi wa sukuluyu adzagwada n'kundifunsa nzeru zanga, ine n'kumuuza pang'onopang'ono, mwala ndi zonse. Lilime linali litanyamuka kale, bulugamu manja awiri. Ndiye m'maganizo ndinaona Caroline m'bulangete kachiwiri, akulira mumdima muja, matenda anga akumudya, amake ali kalikiliki kuphika masamba mpaka Ogasiti, mpaka Sepitembala, monga ndinachitira ine.

Ndinatsegula pakamwa, panatuluka chifuwa. Ndinapisa pansi pa pilo n'kutulutsa kope, ndinatsegula pa 16 Julayi, pamene analekezera tsiku lija, n'kuwapatsa.

Anaimirira. Anawerenga chala chili pansi pa mawu, tsamba ndi tsamba, mpaka la dzulo. La pa 18 anawerenga kawiri. M'wodi wina ankakoka bedi, Luwiza anali ataima pakhomo ndi mbale, osalowa, osabwerera.

"Pasaka?"

"Pasaka."

"Madzulo atatu."

"Atatu."

"Ndipo Lachiwiri lija ndinakufunsani."

Anatseka kope, analiika kumiyendo kwa bedi bwinobwino, cholembera pamwamba. Ndinawamva akufunsa a Esther kuti ofesi ya a Goliati ili kuti. Kenako ndinamva nsapato zawo m'khonde, akuthamanga. Sindinawaonepo akuthamanga.

Loweruka, 26 Julayi

Atatu. Palibe wabwera. A Agatha anatuluka dzulo ine osawaona.

A Lameki atamva anati ndapasula ndekha, n'kukwera galimoto kubwerera kumudzi, ati mtedza ukudyedwa ndi mbewa. Vitus anaimba pa foni ya Luwiza. Anati, "Amayi, bwanji koma?" Ndinadikira kuti apitirize, akalipe, anene chilichonse. Ndinkangomva magalimoto a ku Lilongwe kumbuyo kwake. Kenako anati ali m'njira, n'kudula.

Luwiza waphika nkhwani wotendera. Ndadya masipuni awiri kuti asadandaule.

Lamulungu, 27 Julayi

Atatu. Belu la tchalitchi likumveka kuno mphepo ikachokera kumadzulo. Ndayesa kupemphera, ndikungotchula dzina la mwana.

Lolemba, 28 Julayi

Atatu. Bandeji aichepetsa, tsopano ndi pakatumba pokha. Ndayenda ndi ndodo mpaka kubafa ndi kubwerera, ndinafika ndili wefuwefu.

A Goliati anabwera, sanakhale. Anangotulutsa pepala lija m'thumba n'kundionetsa. Pansi pa dzina la a Lameki pali lachiwiri tsopano, lolembedwa ndi dzanja la amake. Caroline anamugoneka Lachisanu lomwelo ku wodi ya ana. Amujambula pachifuwa, atenganso chimbudzi chake kukayeza, popeza mwana sangalavule m'kabotolo. Zotsatira mawa.

Wodi ya ana ili kuseri kwa mpanda wa maluwa, moyang'anana ndi windo langa. Masiku onsewa ndakhala ndikumva ana akulira kumeneko osalabadira. Lero ndatchera khutu tsiku lonse kuti ndisiyanitse kulira kwake. Onse akumveka ngati iye.

Vitus anafika pawindo madzulo, anandipatsa moni ngati mlendo, anasiya malalanje. Ndinafunsa za amake Caroline. Anati ali ndi mwana.

Lachiwiri, 29 Julayi

Ali nayo. M'mapapo. Kumutu sinafike.

Ndilembe bwinobwino monga anenera a Goliati. Sikelo yake 8 ndi pang'ono, watsika kuchokera pa 9. Mapiritsi ake ndi osungunula m'madzi, amamwetsa ndi sipuni, m'mawa uliwonse, miyezi isanu ndi umodzi. Wayamba lero. Ati ana akayamba msanga amachira bwino, pakatha masabata awiri adzakhala akulimbirananso nthochi. Amake ndi Vitus awayezanso.

"Mukanakhala chete mwezi wina, amayi, tikanayankhula zina."

Ndinafunsa ngati ndi bulangete lija. Anati sangalumbire, mwina akanaitengabe pogona nane chipinda chimodzi. Koma kutsekera mwana m'bulangete ndi munthu wotsokomola, ati palibe njira yachidule yoposa imeneyo. Anawonjezera kuti ana ambiri amene amabwera atapsa nyengo ino, ndi mapoto a nthunzi omwewa. Sanakweze mawu. Bola akanakweza.

Ndabwerera pa tsamba la 16 Julayi, pamene ndinalemba kuti sindinaphepo munthu. Ndimati ndifufute, koma ndasiya. Pakhale pomwepo, ndizipaona.

Ndalira masana onse, Luwiza akundisisita msana. Mwina ndi chisoni, mwina ndi mpumulo, sindikudziwa.

Lachinayi, 31 Julayi

Dzulo sindinalembe, ndinagona tsiku lonse.

Atatu. Sikelo 47. Chifuwa chayamba kumasuka, thukuta la usiku lasiya. Bala lauma, latsala lofiirira ngati nyama ya nkhuku. Adokotala ati mawa nditha kutuluka, ndizikatsukitsa ku chipatala chaching'ono cha kwathu kawiri pa sabata, osapakapo china chilichonse. Pa "china chilichonse" anandiyang'ana nthawi yaitali.

A Goliati akufuna dzina la munthu woti aziona kuti ndamwa mankhwala tsiku lililonse n'kumachonga. A Lameki amaiwala ndi chipewa chili kumutu. Luwiza akubwerera ku Ludzi, ali ndi banja lake. A mphakati ndiwo aja a jumbo ya masamba. Ndinati ndiganiza. Anthu onse amene ndinawafukiza chaka chija, lero ndikusowa dzina limodzi loti ndipereke.

Masiku asanu ndi limodzi amake Caroline osaponda kuno. Sindikuwadandaula. Ndikanakhala ine, sindikudziwa ngati ndikanaika kope lija pabedi mwaulemu chonchija.

Lachisanu, 1 Ogasiti

Atatu, omaliza a m'chipatala. Luwiza wamanga katundu m'chitenje, wapita kukafuna galimoto.

Ndinali nditakhala pabedi, nsapato imodzi kuphazi, pamene windo linachita mthunzi. Amake Caroline, Caroline ali kumbuyo, kachipewa ka ulusi kumutu. Nawonso awatulutsa lero. Wawonda, masaya aja apita, koma m'dzanja anali atafumbata chidutswa cha nthochi chotafunatafuna.

Ndinakweza masiki, ndinadzikoka mpaka pawindo. Ndinayamba kunena zimene ndakhala ndikukonza masiku onsewa, koma anandidula.

"Amayi, zimenezo sindingathe kuzimva lero. Mwina tsiku lina." Mawu awo anali otopa ngati anga. "Ndalembetsa dzina langa kwa a Goliati. Caroline amamwa 6 koloko. Inunso 6 koloko. Ndiziimba pa foni ya abambo, muzimeza ine ndikumva, ine ndizichonga kuno. Miyezi isanu ndi umodzi. Mukadumphitsa tsiku ndidziwa."

Ndinati ndamva. Anandiyang'ana, ndipo tonse tinakumbukira kuti mu Meyi ndinayankhanso chimodzimodzi.

"Ndipo anthu anu akabwera ndi mabulangete, muziwafunsa kuti chifuwa chayamba liti. Akakakamira, muwawerengere tsamba lija la pa 18 Julayi."

Ndinati ndidzawerenga.

Caroline anali akundisuzumira paphewa pa amake, akudabwa ndi masiki. Kenako anandizindikira maso. Anataya nthochi, anatulutsa dzanja m'chitenje, analowetsa pakati pa zitsulo za windo. Ndinayang'ana amake. Iwo anali akuyang'ana kumpanda wa maluwa. Ndinapereka chala chimodzi, anachigwira, dzanja lake lonata ndi nthochi, lofunda bwinobwino, osati kutentha kwa matenda.

Sanamumasule kumbuyo kuti ndimunyamule, ndipo ine sindinapemphe. Koma sanasunthe pawindopo mpaka Caroline atachisiya yekha chalacho.

Galimoto yafika. Mawa 6 koloko.